Mzere wosalembedwa m'buku la kusikelo

Mwezi wathawu ntchito inanditengera ku chipatala china chaching'ono cha kumudzi, kumene ndinapita kukajambula zithunzi zoti tiike mu lipoti la bungwe lathu. Linali tsiku la sikelo, ndipo amayi oyembekezera anali atadzaza pakhonde, ena pamabenchi, ena pansi atayala zitenje. Ndikudikira kuti anamwino apeze mpata wolankhula nane, mayi wina amene ndinayandikana naye anandipatsa buku lake la kuchipatala kuti ndimuwerengere tsiku limene anamulembera kuti adzabwerenso. Nditamuuza tsikulo, maso anga anagwera pa tsamba la zoyeza magazi. Pa mzere wa HIV panalembedwa bwinobwino, tsiku ndi zotsatira zomwe. Pa mzere wa chindoko panalibe kanthu. Pathupi pake panali pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo uwu unali ulendo wake wachitatu wa kusikelo.

Anamwino aja sanabise mawu. Anati zipangizo zoyezera chindoko zinatha kalekale, anaitanitsa koma sizinabwere. Anawonjezera kuti zoyezera HIV zikangochepa pang'ono mafoni amayamba kulira kuchokera kuboma, koma za chindoko palibe amene anawafunsapo chaka chino.

Ndinabwerera kuofesi ndili ndi manyazi, chifukwa mlanduwu ukundikhudza inenso. Ntchito yanga ndi yolemba mauthenga a zaumoyo. Kwa zaka zisanu ndi zitatu ndalemba mapositala, timabuku ndi masewero a pawailesi olimbikitsa amayi kukayezetsa magazi. Usiku umenewo ndinafufuza m'kompyuta yanga kuti ndione kuti mawu oti chindoko ndinawalembapo kangati. Ndinawapeza kawiri kokha, ndipo konseko anali pamndandanda wa matenda, pakati pa chinzonono ndi mabomu, popanda chiganizo ngakhale chimodzi chofotokoza zimene matendawa amachita kwa mwana amene ali m'mimba.

Tiyambe ndi zimenezo. Chindoko ndi matenda achinyengo. Chimayamba ndi kachilonda kumalo obisika, kamene nthawi zambiri sikapweteka, ndipo kwa amayi kakhoza kukhala m'kati moti mwini wake osakaona n'komwe. Pakapita milungu itatu mpaka isanu ndi umodzi kachilondako kamapola kokha, munthu n'kumati ndachira, kapena n'kumatamanda mankhwala azitsamba amene anapaka. Pambuyo pake pamabwera totupa pathupi, kawirikawiri m'manja ndi kumapazi, ndipo nato timatha tokha. Zikatero matenda amabisala m'magazi kwa zaka zambiri. Mayi amalima, amatunga madzi, amasenza nkhuni, osamva kupweteka paliponse. Koma akatenga pathupi, tizilombo timadutsa m'chiberekero n'kukafika kwa mwana. Mathero ake ndi kupita padera, kubereka mwana wakufa kale, kubereka masiku asanakwane, kapena kubereka khanda lodwala limene limamwalira pasanathe mwezi. Akatswiri a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwa matenda onse ogwira mayi amene amachititsa kuti mwana abadwe atafa, chindoko chimapambanidwa ndi malungo okha.

Kwathu kuno mwana wobadwa atafa timamutcha mtayo. Sitimulira maliro. Amayi achikulire okhaokha amamunyamula mwakachetechete n'kukamuika, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asalire mokweza, Mulungu adzapatsanso wina. Zikachitika kawiri kapena katatu, mudzi umayamba kufunafuna chifukwa. Ena amati ndi mdulo, bambo anayenda njira mkazi ali woyembekezera. Ena amaloza azakhali kapena mkazi mnzake. Ine sindiseka makolo athu pa nkhani ya mdulo. Iwo anaona ndithu kuti pali mgwirizano pakati pa mayendedwe a bambo ndi moyo wa mwana wosabadwa, ndipo pamenepo sanaphonye kwenikweni. Chimene analibe ndi njira yoonera m'magazi.

Chodabwitsa n'chakuti atsogoleri a zaumoyo padziko lonse anachita chimodzimodzi ndi mudzi wathu: mtayo sanauwerenge. Pamene mayiko anagwirizana zolinga zachitukuko za m'chaka cha 2000, anaikamo kuchepetsa imfa za amayi ndi imfa za ana osakwana zaka zisanu, koma ana obadwa atafa sanatchulidwe. Ndipo amene wagwirapo ntchito m'mabungwe akudziwa kuti chinthu chimene sichiwerengedwa mu lipoti sichipatsidwa ndalama.

Sikuti umboni unalibepo. M'chaka cha 1993 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'midzi ya ku Mangochi ku Malawi, zoonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana anayi aliwonse obadwa atafa kumeneko anafa chifukwa cha chindoko, ngakhale kuti amayi amene anali ndi matendawa sanakwane anayi pa 100 aliwonse. Ku Mwanza, wa ku Tanzania m'mphepete mwa nyanja ya Victoria osati wa kumalire a Malawi ndi Mozambique, akatswiri anaonetsa m'chaka cha 2002 kuti mayi wa chindoko akabayidwa jakisoni mmodzi yekha wa penisilini nthawi yabwino, mwayi woti mwana wake abadwe wamoyo umafanana ndi wa mayi wopanda matendawa. Mankhwalawo si achilendo ayi. Dokotala wa ku America John Mahoney anachiza nawo chindoko koyamba m'chaka cha 1943, agogo athu ali ana, ndipo kufikira lero akugwirabe ntchito.

Nanga zinatheka bwanji kuti matenda odziwika chotere, okhala ndi mankhwala otsika mtengo chotere, aiwalike?

Yankho lake lagona pa mbiri ya ndalama za Edzi. M'zaka za m'ma 1990, ma ARV asanafike kuno, matenda opatsirana pogonana anali pakamwa pa aliyense chifukwa ankaoneka ngati khomo lolowera kachilombo ka HIV. Kafukufuku wina wa ku Mwanza komweko, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1995, anapeza kuti m'midzi imene zipatala zinkachiza bwino matendawa, chiwerengero cha anthu otenga HIV chinatsika ndi pafupifupi 40 pa 100 aliwonse. Ku Lilongwe mu 1997 anapeza kuti abambo a HIV amene akutuluka mafinya kumaliseche amakhala ndi kachilombo kochuluka kasanu ndi katatu mu umuna wawo kuposa anzawo, ndipo kamachepa akalandira mankhwala. Nthawi imeneyo mayiko athu anaphunzitsa anamwino ndi madokotala aang'ono kuchiza potengera zizindikiro, osadikira zotsatira za kulabotale. Njirayi inathandiza anthu ambiri ndipo ikugwirabe ntchito, koma ili ndi chilema chachikulu: wopanda zizindikiro siimuona, ndipo ambiri opanda zizindikirowo ndi amayi.

Kenaka mphepo inatembenuka. Kafukufuku wa ku Rakai ku Uganda mu 1999 sanapeze phindu lofanana ndi la ku Mwanza pa nkhani yochepetsa HIV. Mu 2002 kunakhazikitsidwa thumba la Global Fund lolimbana ndi Edzi, chifuwa chachikulu ndi malungo, ndipo mu 2003 boma la America linayambitsa ndondomeko ya PEPFAR. Ndalama zimenezi zinapulumutsa anthu mamiliyoni ambiri, kuphatikizapo abale anga enieni, ndipo sindingazinyoze. Koma zinabwera ndi makaundula akeake, magalimoto akeake ndi mafunso akeake. Funso linali loti ndi amayi angati ayezedwa HIV. Chindoko chinatsala m'manja mwa nthambi ya uchembere, imene inalibe galimoto. Mu 2004 akatswiri ena analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuchenjeza kuti tikuteteza makanda ku HIV kuti akafe ndi chindoko. Papita zaka zoposa makumi awiri, ndipo buku la mayi uja likunena zomwezo.

Tisanamize WHO kuti inangokhala chete. Mu 2007 inatulutsa ndondomeko yothetseratu chindoko chobadwa nacho, ndipo pambuyo pake inaika muyeso woti dziko lizivomerezedwa nawo kuti lapambana. Muyesowo ndi wosavuta kuumva. Amayi 95 pa 100 aliwonse oyembekezera azipita kusikelo, 95 pa 100 aziyezedwa, 95 pa 100 mwa opezeka ndi matendawa azilandira mankhwala, ndipo ana obadwa ndi chindoko asapose 50 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Dziko loyamba kukwaniritsa linali Cuba, mu Juni 2015, pa HIV ndi chindoko pomwe. Thailand inatsatira mu 2016, Malaysia mu 2018, Sri Lanka mu 2019. Onani kuti awa si mayiko olemera kwambiri. Cuba ndi dziko limene lakhala pa mavuto a zachuma kwa zaka zambiri, koma linaonetsetsa kuti mayi aliyense woyembekezera akudziwika ndi dokotala kapena namwino wa m'dera lake. Pomwe ku America, kolemera kuja, ana obadwa ndi chindoko anaposa 3,700 m'chaka cha 2022.

Padziko lonse zinthu sizikuyenda monga anafunira. Mu 2022 mayiko anagwirizana ku msonkhano waukulu wa WHO kuti pofika 2030 achepetse anthu otenga chindoko chaka chilichonse kuchoka pa 7.1 miliyoni kufika pa ochepera miliyoni imodzi. Lipoti limene linatuluka mu 2024 linaonetsa kuti m'malo motsika, chiwerengerocho chinakwera kufika pa 8 miliyoni m'chaka cha 2022. M'chaka chomwecho amayi oyembekezera pafupifupi 1.1 miliyoni anali ndi chindoko, ndipo mimba zoposa 390,000 zinathera m'mavuto amene ndatchula aja.

Pa nkhani ya kuyeza pokha ndiye pali zoti tiyamikire. Kale kuyeza chindoko kunkafuna labotale, magetsi, firiji ndi katswiri. Magazi ankatumizidwa kuchipatala chachikulu, ndipo zotsatira zikamabwera mayi anali atabwerera kumudzi, mwinanso atachira kale. M'zaka zoyambirira za m'ma 2000 kunabwera timapulasitiki toyezera pompopompo ndi kadontho ka magazi a pachala, totulutsa zotsatira pasanathe theka la ola. Kenaka wina anaganiza mwanzeru kuti popeza zoyezera HIV zimafika paliponse, bwanji chindoko chikwere galimoto yomweyo? Anapanga kachipangizo kamodzi koyeza matenda onse awiri ndi kadontho kamodzi. WHO inavomereza koyamba ka mtunduwu mu 2015, ndipo mu 2019 inalangiza kuti kameneka ndi kamene kaziyamba kugwiritsidwa ntchito kusikelo. Mu 2021 mabungwe a MedAccess ndi Clinton Health Access Initiative anagwirizana ndi kampani ya SD Biosensor ya ku South Korea kuti mtengo wake utsike kufika pochepera dola imodzi ya ku America. Mu 2024 WHO inalangizanso kuti anthu akhoza kudziyeza okha chindoko, potsatira njira ya kudziyeza wekha HIV imene inayesedwa kwambiri ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe kuyambira 2015. Kunena mwachilungamo, uwu ndiwo utsogoleri umene ine ndimaulemekeza, woti ukaumva ku Geneva ukhoza kuugwira ndi manja pa tebulo la anamwino.

Koma kuyeza popanda mankhwala ndi kumuuza munthu kuti nyumba yake ikupsa iwe ulibe madzi. Mayi woyembekezera ali ndi mankhwala amodzi okha odalirika otetezera mwana wake, amene ndi jakisoni wa penisilini wa mtundu wa benzathine. Mankhwala ena ochiza chindoko mwa akuluakulu saloledwa kwa woyembekezera, ndipo ena safika bwino kwa mwana. Tsono jakisoni ameneyu amasowasowa, ndipo chifukwa chake alimi achimva msanga kuposa ife a m'maofesi. Mlimi salimbikira mbewu imene mtengo wake pamsika sufika pa ndalama ya feteleza. Penisilini ameneyu ndi wotsika mtengo kwambiri, koma kumupanga kumafuna fakitale yapayokha ndiponso yaukhondo wapamwamba, choncho makampani ambiri anasiya. Ufa wopangira mankhwalawa unatsala m'manja mwa makampani owerengeka, ambiri mwa iwo a ku China. Imodzi ikangotseka, dziko lonse limamva. Pakati pa 2014 ndi 2016 mayiko 39 anadandaula kuti mankhwalawa akusowa, ndipo mu 2023 anasowanso ku America komwe. Ngati asowa kwa amene ali ndi ndalama, nanga kwa ife amene timaitanitsa mochedwa ndi kulipira mochedwa?

Pamwamba pa zonsezi panabwera chaka cha 2025. Mu Januwale boma la America linalengeza kuti likutuluka m'bungwe la WHO, n'kuimitsa thandizo lake lambiri la kumayiko akunja, ndipo bungwe la USAID linatsekedwa chaka chomwecho. Inu amene mumagwira ntchito m'midzi munaona nokha anzanu odzipereka akulandira makalata, ndi zipatala zoyendayenda zikusiya kubwera. Popeza chindoko chinali chitangokwera kumene galimoto ya HIV, galimotoyo ikaima nachonso chimaima. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti azipereka 15 pa 100 ya ndalama za boma ku zaumoyo, ndipo mayiko ambiri sanafikepo. Dola imodzi pa mayi mmodzi si ndalama yoti nduna ikwerere ndege kukapempha.

Ndimakana maganizo oti utsogoleri pa zaumoyo umachokera kunja kokha, chifukwa tili ndi chitsanzo chathuchathu. Malangizo a WHO a mu 2010 ankafuna kuti mayi woyembekezera wa HIV ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi asanaikidwe pa ma ARV a moyo wonse. A unduna wa zaumoyo ku Malawi anaona kuti makina oyezera chitetezo ndi ochepa, ndipo amayi akutayika podikira. Mu 2011 anaganiza zoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo aziyamba mankhwala nthawi yomweyo, mpaka moyo wake wonse. Njirayi inatchedwa Option B+. Akatswiri ena akunja anakayika, ena anadzudzula poyera. Pofika 2013 WHO inali itaika njirayi m'malangizo ake a dziko lonse. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Botswana nayo mu 2021 inakhala dziko loyamba mwa mayiko okhala ndi HIV yochuluka kuvomerezedwa kuti lili panjira yothetsa kupatsira ana kachilomboka. Ngati zinatheka pa matenda ofuna mankhwala a tsiku ndi tsiku moyo wonse, n'chifukwa chiyani zikanike pa matenda ofuna jakisoni mmodzi kapena atatu?

Tsono inu alangizi a zaumoyo, a m'makomiti a pachipatala, atsogoleri a makalabu a alimi ndi amayi a m'magulu a banki m'khonde, gawo lanu ndi lalikulu kuposa mmene mumaganizira. Mukamayendera mayi woyembekezera, pemphani kuona buku lake ndipo muyang'ane mzere wa chindoko. Ngati palibe cholembedwa, afunse akapitanso. Pa msonkhano wa komiti funsani kuti zoyezera zilipo zingati, jakisoni alipo angati, ndipo zinatha liti. Zilembedwe, ndipo kalata ipite kwa mkulu wa zaumoyo wa m'boma lanu. Anamwino akadandaula okha amaoneka ngati ovuta, koma mfumu ndi komiti zikafunsa, pamakhala poyambira.

Nkhani ya nthawi ndi yofunika koposa. Amayi ambiri amabisa pathupi mpaka patadziwika pokha, poopa anthu oipa kapena pongoona kuti sikelo ndi ya miyezi yakumapeto, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene ntchito ya kumunda yachuluka ndipo mitsinje yadzaza. Koma chindoko chimawononga mwana msanga. Kuyezetsa kwabwino ndi kwa m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo kuti mwana atetezeke mayi ayenera kubayidwa kusanatsale masiku 30 kuti achire. Ngati sizikudziwika kuti matendawa analowa liti, amabayidwa katatu, kamodzi pa mlungu, ndipo asadumphitse. Dziwaninso kuti munthu amene anadwalapo chindoko n'kuchira, kachipangizo kapompopompo kakhoza kumaonetsabe kuti ali nacho kwa moyo wake wonse. Choncho asunge buku lakale ndi kuwauza achipatala za mankhwala amene analandira.

Povuta penipeni ndi pa abambo. Mayi akabayidwa koma mwamuna wake osabayidwa, matenda amabwereranso pamphasa pomwepo. Achipatala amapereka kakalata koitanira mwamuna, koma timakalata tambiri timathera m'chimbudzi chifukwa mayi akuopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa. Apa m'pofunika kulankhula mosamala ndiponso moona. Popeza chindoko chimabisala zaka zambiri, kupezeka nacho lero sikutanthauza kuti wina wachita chigololo chaka chino. Mwina chinalowa banja lisanayambe, kwa mwamuna kapena kwa mkazi, ndipo palibe kachipangizo kamene kangaloze amene anayamba. Mawu amenewa ndi oona, ndipo apulumutsa mabanja. Abambo amene mumayenda, kaya ku Joni, kaya ku msika wa fodya, kaya kunyanja kukagula usipa, kondomu imateteza ku chindoko kwambiri ngakhale kuti si kotheratu, pakuti chilonda chikhoza kukhala pamalo pamene kondomuyo siphimba. Mukabwerera pitani mukayezetse. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndili ndi dandaulo limodzi kwa mafumu athu ena, ndipo ndilinena mwaulemu. M'madera ena munakhazikitsidwa malamulo oti mayi asalandiridwe kusikelo popanda mwamuna wake, apo ayi abwere ndi kalata ya amfumu kapena alipire chindapusa. Cholinga chinali chabwino. Koma amene akulangidwa ndi mtsikana amene mwamuna anamukana, ndi mayi amene mwamuna wake ali ku South Africa. Iwowa amangokhala kunyumba mpaka mwezi wachisanu ndi chitatu. Ngati pali wofunika kulipira mbuzi, ndi bambo amene wakana kupita, osati mayi amene wayenda yekha makilomita khumi.

Kumbali yanga, positala imene tinkati tisindikize mwezi uno ndaibweza kuti tiikonze, ndipo mawu oti chindoko akhala pamwamba, m'zilembo zofanana kukula ndi za HIV. Dzulo ndinaimbira foni anamwino aja. Zoyezera sizinafikebe. Anati amayi amene angakwanitse ndalama ya kabaza akuwatumiza ku chipatala china cha kutsidya kwa mtsinje, ndipo otsalawo akudikira. Ndinafunsa za mayi wa buku uja, koma dzina lake sindinalembe, ndipo tsiku limenelo panali amayi oposa makumi asanu. Mwa kuwerenga kwanga, achira mwezi wamawa.